Kabodi Kazima, Mazira Akuzizira

Kagetsi kobiriwira katazima, fani nayo inangoti zii, ndipo Namawaya anadziwa kuti mazira ali pangozi.

Dzinali anamupatsa ndi azilamu ake poona kuti m'chikwama mwake simusowa waya. Ndi iye anapanga makina ofungatira mazira m'chipinda chosungira katundu: bokosi lamatabwa, hita, fani, ndi kabodi kamagetsi kosaposa chikhatho kolamulira zonsezo. Makinawo ankayenda bwinobwino. Koma pali anthu ena amene manja amawayabwa akaona chinthu chikuyenda bwino, ndipo Namawaya anali mmodzi wa iwo. M'mawa umenewo anafuna kuikamo butiloda yatsopano, kapulogalamu kamene kamadzuka koyamba n'kudzutsa zina zonse. Mafayilo anali awiri ofanana ngati mapasa, ndipo iye anatumiza ya bodi ya mtundu wina.

Akanakhala mazira wamba, akanangotukwana n'kuyambanso. Koma awa anali omaliza a nkhuku za malemu apongozi ake aakazi. Chitopa chinasesa khola lonse maliro atangotha, n'kusiya mazira okhawo. Apongozi aamuna, amene chichokereni akazi awo ankangoyankha ndi mutu, m'mawa uliwonse ankaima pagalasi la bokosilo kuwasuzumira. Mazirawo anali atatsala pang'ono kuswa.

Anazula chingwe cholumikiza kabodi ndi laputopu yake, anabwezeretsa. Laputopu sinakaone n'komwe kabodiko. Anaimbira mwamuna wake kuntchito, foni inalira mpaka kutopa. Anathira madzi ofunda m'mabotolo, anawaika m'bokosi n'kufunditsa bulangete, koma kamzere kofiira ka choyezera kutentha kankatsikabe pang'onopang'ono.

Njira inatsala imodzi. Pakabodipo panali timadontho tiwiri tamkuwa. Ukatigunditsa ndi kapanira nthawi imene ukulowetsa magetsi, kabodi kamadzukira pa kapulogalamu kakufakitale kamene sikafufutika, ndipo kamalola kulandira fayilo ina. Kabodi kake kanali ndi khalidwe loipa: ukasiya kugwira fayilo isanathe kulowa, zonse zimaduka. Anayesa yekha, kumanzere kapanira, kumanja chingwe. Kapanira kanaterereka n'kutsala pang'ono kukhudza kamwendo kamagetsi kapafupi. Kakanakhudza, bwenzi kabodi katapsa, ndipo kena analibe.

Pakhomo ponse panali munthu mmodzi yekha, ndipo ndi amene iye ankamuopa. Apongozi aamunawo sanamukalipirepo chikwatiwireni, ndipo n'chimene chinkaopsa kwambiri. Anaima kaye kumbuyo kwa chitseko. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma uyu anayenera kulankhula.

Anawapeza pakhonde. “Bambo, ndalakwitsa. Makina azima, mazira akuzizira. Ndikupempha dzanja lanu.”

Sanafunse kuti walakwitsa chiyani. Anavala magalasi n'kumutsatira. Iye anawaonetsa timadonthoto, anawaonetsanso kamwendo koopsako, n'kuwauza kuti asasiye kufikira atawauza yekha. Bambowo anatsamira chigongono patebulo, anagwira mkono wawo ndi dzanja linalo, n'kukanikiza kapanira.

Namawaya analowetsa chingwe. Kwa kanthawi panalibe chilichonse, ndipo iye anayamba kale kuganiza za mmene adzadyere patebulo limodzi ndi munthu amene wamuphera chotsala cha mkazi wake. Kenaka laputopu inalira kamodzi: yakaona. Dzina la fayilo analiwerenga mobwerezabwereza ngati mwana wophunzira kumene, asanadine batani. Kamzere kosonyeza kulowa kwa fayilo kankayenda ngati bilimankhwe, iye akupemphera chamumtima kuti magetsi asazime, galu asauwe, bambo asayetsemule.

Kagetsi kobiriwira kanayaka. Fani inazungulira.

Anathamangira kubokosi, anachotsa mabotolo, n'kugwada maso ali pa choyezera. Kamzere kofiira kanaima, kanaganiza kaye, kenaka kanayamba kukwera. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, osakhulupirira, ndipo mantha sanamuchoke, pakuti makina kudzuka si ndiye kuti mazira sanafe.

“Mayi,” anamva mawu kumbuyo kwake, “ndisiye tsopano?”

Anacheuka. Bambo aja anali chigwirire kapanira, thukuta likudontha pachibwano, phewa lonse likunjenjemera koma nsonga ya kapanira ili pomwepo. Iye anali atawaiwala. Mwamanyazi ndi chisoni anawagwedezera mutu kuti asiye.

Bambowo anawongola zala pang'onopang'ono, anabwera kudzagwada pambali pake, n'kugunditsa khutu pagalasi. Anatseka maso. Namawaya nayenso anatchera khutu.

Pansi pa phokoso la fani panamveka kamawu kakang'ono, kochokera m'kati mwa chigoba cha dzira.

“Mwamva?” anatero bambowo, osachotsa khutu pagalasi. “Nkhuku za amayi anu izo.”