Tsiku Limene Tinadula Kalavani ya Gordon

Gordon ndinamuuza ali mnyamata, ndinamuuzanso atakwatira, kuti mwamuna amamanga kwawo. Kaya ya zipinda ziwiri, kaya ya udzu, bola iime pa dothi la bambo ake. Kuno kwa a Gondwe, kuseri kwa Bolero, mwamuna wapabanja akamwalira thupi lake limagona m'nyumba mwake lisanapite kumanda. M'nyumba ya mayi ake salowa, si mwananso. Amene sanamange amamuzikira chisakasa cha udzu pabwalo, ndipo aliyense wobwera pamaliro amayamba waona chisakasacho, kulira pambuyo. Ine kwathu n'ku Dowa, kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo mwambowu ndinauona ndi maso pa maliro a mlamu wanga. Anthu ankatafuna nyama ya maliro uku akunong'onezana za chisakasa chake, mayi ake ali pompo akumva.

Gordon anali mwana wanga wamwamuna yekhayo. Ankagwira ntchito ya zaulimi ku boma ku Rumphi, n'kumakhala m'nyumba ya kuntchito. Anakwatira Muriel, NyaLuhanga wa ku Nchenachena, mwana wa aphunzitsi, wa Chingerezi chambiri ndi manja osadziwa khasu. Mwana sanabereke ngakhale mmodzi.

Tsiku lina Loweruka ndinangomva hutala pabwalo. Ndituluke, ndipeze pikapu ya Gordon ikukoka chinthu choyera ngati bokosi lalikulu, cha mawindo ndi matayala awiri.

"Amama, nyumba ija mumandivutitsa nayo ndi iyi," anatero akuseka. "Kalavani. Ndagula kwa mzungu amene akubwerera kwawo."

"Nyumba yothawa ikamva injini? Nkhuku zanga zili ndi nyumba yabwino kuposa iwe."

"Lowani muone kaye."

Ndinalowa chammbali chifukwa khomo lake ndi la anthu osadya. Munali bedi, kasitovu ka gasi, ndi kasinki kosakwana n'komwe kutsukiramo mphika wa nyemba. Muriel ankanditsegulira timakabati kamodzikamodzi ngati akundionetsa mwana wakhanda.

Kuyambira pamenepo zonse zinali kalavani. Ankaisiya kwa ine, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa kuno ndi panjira ya ku Nyika. Akapeza tchuthi ankafika, kumangirira, ulendo wa ku geti la Thazima, kukagona m'tchire pa chisanu n'kumaonera mbidzi. Pobwera ankandionetsa zithunzi pa foni. Ine mbidzi ndidye? Kenako Muriel anasiya ntchito yake ya uphunzitsi, ati azitenga alendo kupita nawo kuphiriko, azigona m'kalavani, iye aziwaphikira. Gordon naye mwezi uliwonse ankabwera ndi chatsopano. Masola padenga. Filiji. Mabatire awiri olemera ngati matumba a feteleza. Pomaliza anabweretsa inveta, kabokosi kosandutsa moto wa m'batire kukhala magetsi enieni a m'nyumba.

"Iyi ndi yamphamvu, amama. Ngakhale makina a kalipentala ikhoza kuyendetsa, pakati pa tchire."

"Anzako akubweretsera amayi awo zidzukulu, iwe ukundibweretsera mabatire. Njerwa zili kuti?"

"Chaka cha mawa, amama."

Chaka cha mawacho sanachione. Mwezi wa Okutobala, akubwera kudzatenga kalavani, pikapu yake inawombana ndi lole ya fodya. Pikapu inangotsala zitsulo zopindikapindika. Gordon anafera pomwepo.

Thupi linachoka kumochale m'mawa wotsatira, kufika kuno dzuwa litakwera kale. Muriel anabwera nalo pamodzi ndi bambo ake, a Luhanga, mkulu wa mpingo wa tayi ndi jekete ngakhale kutenthe bwanji. Ine ndinali ndisanadye kanthu, mawu atatha ndi kulira. Koma nditatukula mutu ndinaona anyamata a m'mudzi akubwera ndi mitengo ndi mitolo ya udzu, wina akukumba kale dzenje pakati pa bwalo langa.

"Mukukumba chiyani pamenepo?"

"Chisakasa, amama. Malemu analibe nyumba."

"Kwirirani. Mwana wanga nyumba ali nayo. Si iyo ili pansi pa mangoyo? Ananena yekha ndi pakamwa pake."

Anayang'anana, koma anakwirira. Amuna ananyamula bokosi la maliro kupita nalo ku kalavani. Pa khomo linakana. Analipendeketsa, mutu unalowa pang'ono n'kugunda kabati. Anayesa kuliimika, ndinakuwa kuti mwana wanga si chitseko, asamuimike. Analitsitsa pansi, pa fumbi, anthu onse akuona.

Ndinatuma munthu pa njinga yamoto kuti akatenge Amock Chirambo, wowotcherera zitsulo pa Bolero, abwere ndi galayinda yake, makina aja odulira zitsulo.

Muriel anamva. Anadzuka pa mphasa pomwe amayi ankamugwirizira, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga.

"Amama, Amock wa chiyani?"

"Adule kumbuyoku. Bokosi lilowe chogona."

"Amama, chonde. Mukadula kumbuyo ndiye kuti yatha, singayendenso pamsewu. Nyumba ya ku boma atilanda mwezi ukatha. Galimoto yapita. Ntchito yanga ndi imeneyi, pogona panga ndi pomwepa. Ndilibe china."

"Ulibe china? Ine ndili ndi mwana wina?"

"Sindikutero, amama."

"Zaka zonsezi unali naye. Ukanamuuza kuti tiumbe njerwa akanakana? Iwe unkamuuza za mbidzi. Lero ukufuna agone m'chisakasa ngati mlendo wofera panjira, kuti kabokosi kako kakhale kosalala?"

A Luhanga anayandikira, chipewa chili m'manja. "NyaMbewe, pepani chomene. Tonse tataya mwana. Bwanji tikamugoneke kutchalitchi? Kumeneko ndi kwa aliyense, palibe angaseke."

"A sebele, kutchalitchi apita mawa pa mapemphero. Lero agona kwake. Kapena ku Nchenachena ana anu mumawagoneka m'makalasi?"

Anabwerera kukakhala pansi. Anthu ophunzira amaopa phokoso pamaso pa anthu, ine sindiliopa.

Amock anafika, anazungulira kalavani akuigogoda ndi chala ngati akusankha chivwende. Kenako anandikokera pambali.

"Amama, ntchito ya pamaliro sitilipitsa ndalama, n'zoipa. Mungondipatsako batire limodzi."

"Batire? Kudula kamalata aka? Mwana wa sukulu akhoza kuboola ndi mpeni."

"Muli zitsulo m'kati umu, amama. Ndithera madisiki odulira."

"Batire iwalako. Utenge tayala."

"Tayala limodzi ndikalitani? Ndipange wilibala?"

"Tenga onse awiri, ndi malimu ake, ukapangire ngolo ya ng'ombe. Koma uyambe waika njerwa pansi kuti nyumba ikhale bwino. Ndipo chitsulo chakutsogolo icho, chokokera, uchidulenso. Anthu apunthwa nacho pobwera kudzaona nkhope."

"Icho ndi chokhuthala, amama. Ndi ntchito ina."

"Ndi basera. Sunagulepo tomato iwe?"

Anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, n'kutseka pakamwa. Tinagwirizana.

Vuto linali moto. Kwathu kuno magetsi sanafike, ndipo Amock jenereta yake anali ataibwereketsa ku ukwati. Anaona mawaya a Gordon, anati inveta imeneyi galayinda iyendetsa bwinobwino. Koma atalumikiza, zii. Anadina apa, anadina apo, osayaka. Gordon anali ataika switchi yobisika poopa akuba, ndipo woidziwa anatsala mmodzi.

Ndinapita pa mphasa paja. "NyaLuhanga, dzuka ukayatse."

Anapukusa mutu, osandiyang'ana.

"Ndati dzuka."

"Sindingathe, amama. Tinamanga tonse awiri zimenezi. Sindingathe."

"Chabwino. Khala. Mwamuna wako ali apo pa fumbi, ndipo ukuliona dzuwa la mwezi uno. Mthunzi wa mango ukuchoka. Mankhwala a kumochale sakhalitsa, ndipo wavulala thupi lonse. Akayamba kumveka, ndiuza anthu onsewa kuti anunkha chifukwa mkazi wake akusunga filiji."

Amayi amene anali pafupi anasiya nyimbo. Wina anati, "NyaMbewe, yayi, lekani." Sindinaleke. Ndinaima pomwepo, mthunzi wanga uli pa iye, mpaka anadzuka. Anayenda ngati nkhalamba, analowa chammbali pa kakhomo kaja, n'kupisa dzanja kunsi kwa bedi. Kanyali kobiriwira kanayaka. Potuluka sanabwerere pa mphasa, anakaima kuseri kwa nkhokwe atatseka makutu.

Galayinda inalira, moto uli thethethe, amayi a mvano anakweza nyimbo kuti aiphimbe koma inawaposa. Khoma lakumbuyo linagwa lonse ndi windo lake. Anatulutsa bedi, anayala mphasa, bokosi linalowa chogona, mutu kutsogolo, bwinobwino ngati anachita kuyeza. Amock anakweza kalavani ndi jeke, anyamata anapanga mizati ya njerwa, matayala anachoka. Chokokera chinamutengera nthawi, koma chinagwa.

Ndinalowa, ndinakhala kumutu kwa mwana wanga, ndipo pamenepo mpamene ndinalira bwino. Anthu ankabwera, kugwada, kuona nkhope, kutuluka. Panalibe wonong'ona. Ena ankayang'ana denga n'kumati, koma Gordon anali ndi nzeru, nyumba ya magetsi kumudzi kuno. Filiji inasunga madzi ozizira a abusa. Mawa lake tinamuika pafupi ndi bambo ake.

Mwezi utatha Muriel anabwera ndi mchimwene wake Stanley, pa lole yaing'ono yahayala. Muriel anali ataonda, tsitsi lomwe anameta pamaliro litangoyamba kumera. Anandipeza ndikusola mtedza pakhonde. Kumbuyo kwa kalavani ndinali nditatsekako ndi malata awiri otsala pa khola la mbuzi.

Stanley anapereka moni mwaulemu, anati abwera kudzanyamula kalavani. Ati ku Mzuzu kuli munthu amene angayese kuikonza, ikakanika agulitse masola ndi mabatire kuti mlongo wake apeze poyambira. Katundu wa Muriel wa m'nyumba ya boma anali ataunjikidwa pa khonde la anthu.

"Nyumba imene mwagona maliro imachoka pamudzi?" ndinafunsa. "Munaona kuti? Mukufuna mzimu wa mwana wanga uzikayendayenda ku Mzuzu pa lole?"

"Amama, malamulo amati katundu wa malemu ndi wa mkazi wake."

"Katundu inde. Mipando yake watenga, sindinafunse. Iyi ndi nyumba, ili pa njerwa, pa dothi la a Gondwe. Pita nawo malamulo akowo, ukawauze abwere adzanyamule. Mudzi wonse unagwada m'menemo."

Stanley anayang'ana woyendetsa lole. Woyendetsa lole, mwana wa konkuno, anali atamva kale kuti munagona maliro, ndipo anati iye pa galimoto yake sakweza, ngakhale amuwonjezere. Anakalowa kutsogolo n'kutseka chitseko.

"Masola okha, amama," anatero Muriel. Mawu ake anali ang'ono. "Ndi mabatire. Nyumba ikhala."

"Ukagula nyumba umazula denga? Gordon akhale mu mdima?"

"Gordon kulibe, amama."

"Kwa iwe kulibe."

Ndinamuuza zoona, kuti sindikumuthamangitsa. Malowolo tinapereka, ndi mkamwana wa pano. Akafuna pogona, nyumba ya mwamuna wake ndi imeneyo, alowe, agone, m'mawa atenge khasu tipite kudimba. Akafuna za ku Mzuzu, apite mmene anabwerera. Anayang'ana malata a mbuzi aja nthawi yaitali. Kenako anapempha kuti alowe atenge zovala zake.

Ndinamutsatira, ndinaima pakhomo. Anatenga majuzi awiri a ku chisanu ndi nsapato za m'tchire. Kenako anayamba kumasula makatani a pa mawindo, a nsalu ya maluwa achikasu.

"Amenewo asiye."

"Ndinasoka ndekha, amama. Ndi manja."

"Ulusi anagula ndani?"

Anaima, katani lili m'manja. Ndinaona kuti ayamba kulira, ndipo ine mtedza unkandidikira.

"Tenga limodzi lomwe wamasulalo. Linalo litchinge dzuwa, filiji ingatenthe."

Anatuluka nalo atalipinda pamkono. Stanley anamugwira phewa, anakwera lole yopanda katundu, ndipo inatembenukira pabwalo panga n'kuthyola nthambi ya mango. Ndinakuwira woyendetsa kuti aone poyenda, koma sanaime.