Kabokosi Kotuwa

"Ba sisi, aka kanthu kakana kuchoka," anatero Becky, chala chikugogoda pa laputopu yanga. "Bwelani muone."

Becky ndi mng'ono wanga. Sabata imeneyo anali atathawa kwa mwamuna wake, Kalaba, ku Chelstone, diso lakumanzere litatupa, ndipo anabisala kwanga ku Kabwata pamodzi ndi mwana wake Lubuto. Tsiku limenelo ankasintha pa tsamba la intaneti la sukulu malo oti basi izimutengera mwanayo.

Ndinasuzumira. M'munsi mwa adiresi yanga, imene Becky analembapo, munali kabokosi kochongedwa kale, konena kuti sukulu idziwitse makolo onse awiri za kusintha kulikonse. Kanali kotuwa. Ndinakadina, koma chongi sichinasunthe.

"Mwina ni netiweki," anatero Becky.

Ntchito yanga ndi yopanga masamba ngati amenewa, choncho sindinafune kuganizira chabe. Ndinatsegula kuseri kwa tsambalo, kumene kumakhala malamulo ake, n'kulemba mzere umodzi wofunsa ngati kabokosiko kanatsekedwa. Yankho linabwera pompo, liwu limodzi lovomera.

Kanatsekedwa dala.

Ndinawerenga malamulowo mpaka pansi. Kabokosiko kamatuwa pokhapokha mwini akaunti akakakhoma. Kholo linalo limangoona.

"Becky, anatsegula akaunti iyi ndani?"

"Bashi Lubuto. Ndiwo analembetsa mwana," anatero, kutanthauza Kalaba, bambo a Lubuto.

"Usadine posunga. Wamva? Usakhudzenso chilichonse."

Anayang'ana pansi, manja ali pakati pa mawondo.

"Becky?"

"Ninasunga kale kuseni, ba sisi, mutangodzuka. Ninaganiza kuti nizachosa chongi pambuyo."

Panja moyo unkayenda ngati masiku onse. Mayi wa tomato ankaitana makasitomala, kondakitala wa minibasi ankakuwa za ku tauni. Ndinanyamuka kukatseka chitseko cha kukhitchini, ndikuganiza za mnzanga wa ku Lilayi amene akanasunga Becky ndi mwanayo. Becky anayamba kuponya zovala m'chikwama, osapinda.

"Lubuto ali kuti?" ndinafunsa.

Tinamupeza pabalaza, atakwera pampando, mphuno itakanikiza pagalasi la zenera. Kunja kwa geti kunali galimoto yoyera, injini ikulira, magalasi onse otseka. Palibe amene anatsikamo. Palibe hutala imene inalira.

Lubuto anakweza kadzanja kake, akumwetulira, n'kuyamba kuibayibitsa.