Dzina la M'mphepete mwa Mendulo

Bambo Walter anatseka chitseko, n'kubwereranso kukaona ngati azimitsa mbaula, n'kutulukanso. Mtima sunali m'malo. Pa siteshoni ya sitima ya Lewisham, mu London, analephera n'kukhala pansi komwe. Ankangoyenda uku ndi uku, dzanja lili m'thumba la jekete momwe munali mendulo yokulunga m'kansalu.

Mwana wawo Tambudzai anali atapeza mwamuna, Biswick, namwino wochokera ku Dedza, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka. Ankhoswe akuchimuna, anthu osafuna zachidule, anatumiza funso limodzi lokha: chiwongo chanu n'chiyani, ndinu Aphiri kapena Abanda, kuopa kukwatitsa pachibale? Apa m'pamene Bambo Walter anagwira njakata. Iwo anabadwira pa famu ya fodya ku Marondera, m'Zimbabwe. Bambo awo anafika kumeneko atasiya usilikali ku Nyasalande, ndipo mwini famu, munthu waulesi pa lilime, anangowatcha Rogers. Anamwalira Walter akukwawa. Mayi awo, Mshona, ankadziwa Rogers yemweyo basi. Chimene chinatsala ndi mendulo.

Biswick ndiye ananena kuti mamendulo a asilikali amakhala ndi dzina m'mphepete. Atayang'anitsitsa, Bambo Walter anaonadi timizere tosadziwika bwino. Ndiye mukumudziwa munthu woleredwa bwino, chinthu chakuda sapita nacho kwa anthu. Mayi awo ankaikwecha ndi phulusa Khirisimasi iliyonse. Bambo Walter, pokhala a ku London, anagula polishi wamphamvu ndi kawaya kotsukira mapoto. Sabata yonse, akaweruka kuntchito yawo yosamalira okalamba, ankakwecha m'mphepetemo n'kumapukuta ndi kansalu kaja kuti zilembo zituluke.

Lero anali pa ulendo wokaionetsa kwa wodziwa mamendulo. Atatsika sitima ku Greenwich anaidutsa sitolo ya zinthu zakale imene ankafunayo, n'kubwerera, n'kuidutsanso. Ankaopa kumva, ankaopanso kusamva. Mapeto ake analowa.

Mwini sitolo, mzungu wokalamba dzina lake Anderson, anaika kagalasi padiso n'kuitembenuza mendulo ija.

"Iyi si yakunkhondo," anatero. "Mukuona mfuti ziwiri zopingasanazi, ndi chandamale pakati? Ndi ya mpikisano wowombera. Apa palembedwa King's African Rifles, Zomba. Ndi ya cha m'ma 1930, siliva weniweni. Amene anaipata anali ndi diso. Tsono za mtengo..."

"Sindikugulitsa ayi. Inali ya bambo anga. Mungondiwerengera dzina lili m'mphepetemo."

Anderson anaiimika chambali pansi pa nyale. Anaizunguliza pang'onopang'ono, n'kusintha galasi, n'kuizungulizanso. Bambo Walter ankangopondaponda, zala zikugogoda pa kauntala.

"Ndani wakhala akuipukuta?"

"Ndine," anayankha monyadira ndithu, akuonetsa kansalu kaja. "Onani litsiro limene lachoka."

Mkuluyo anachotsa galasi padiso. Analankhula motsitsa, ngati namwino wobwera ndi uthenga woipa.

"Siliva ndi wofewa, bambo. Zakuda zili pa nsaluyo si litsiro lokha, ndi siliva amene mwachotsa. Apa panali nambala, udindo ndi dzina. Zaka zinafufutako, inde, koma zokandika izi n'zatsopano. Mukanabwera nayo yakuda, mwina ndikanawerenga. Ogula amaifuna yosapukuta, ndiye mtengo watsika ndi theka."

Za mtengozo Bambo Walter sanazimve n'komwe. "Ngakhale chilembo chimodzi?"

"Pepani. Palibe."

Anathokoza mwaulemu, poti ulemu ndiwo unawatsalira, n'kutuluka. Siteshoni anaipitirira. Anatsika mpaka kumtsinje wa Thames, n'kumayenda m'mbali mwake osadziwa kumene akupita. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambi umakumbukika zinthu zitaonongeka kale. Anapsa mtima ndi mwini famu, anapsa mtima ndi Biswick, n'kupeza kuti woyenera kumupsera mtima ndi mwini manja awiriwa. Zinawawawa kwambiri.

Foni inalira. Anali Tambudzai.

"Dad, so? Apeza?"

"Agogo ako anali katswiri wa mfuti, mwanawe. Anapambana mpikisano ku Zomba."

"Wow, nice. Koma dzina? Ankhoswe aimbanso m'mawa uno."

Bambo Walter anayang'ana madzi. "Uwauze kuti ndiwayankha ndekha Loweruka. Ndiwauza kuti sindikudziwa."

"Dad, muli bwinobwino?"

"Ndikubwera."

Anadula foni. Apa m'pamene anazindikira kuti kansalu kaja akadali nako m'manja, ndipo pafupi pomwepo panali bini. Anatambasula dzanja kuti akaponyemo, koma dzanja linakana. Anakafunyulula n'kuyang'ana mabanga akuda aja, mmene zala zawo zinadinda sabata yonse. Dzina la bambo awo linali mmenemo.

Anakapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba lapachifuwa. Mendulo yonyezimira ija anangoiponya m'thumba la thalauza, limodzi ndi makiyi.