Botolo la Mwini Nyumba

Ntchito yanga ndi yothira mowa. Zaka khumi ndi zitatu ndaima kuseri kwa kauntala pabala ya hotela, ndipo munthu akangolowa pakhomo ndimadziwa chimene aitanitse asanatsegule pakamwa. Womasula taye amafuna mowa wozizira wa m'botolo. Amayi awiri olowa akuseka amafuna vinyo. Munthu wa wisiki amakakhala kumapeto kwa kauntala, sapupuluma, amayamba wazunguza tambula asanalawe. Mutandimanga m'maso n'kundinunkhizitsa matambula asanu, ndingakuuzeni wisiki wa fungo la utsi, wotsekemerera, ndi amene wathiridwa madzi mwakuba. Sindikudzitama ayi. Ndikufuna mumvetse kukula kwa uchitsiru wanga.

Bambo anga ndi okonza mawotchi, ndipo anzawo amangowatchula kuti a Mawotchi. Ine ndikukula ankamwa, kumwa kosiya nako nsapato panjira. M'mawa manja ankanjenjemera mpaka tizitsulo ta m'wotchi tinkagwera pansi, mayi n'kumakwawa pansi pa tebulo ndi maginito kutitolera. Ndinachoka pakhomo ndili ndi zaka makumi awiri titalankhulana mawu oipa, ndipo ndinachoka ndi chakukhosi.

Patapita nthawi ndinamva kuti achepetsa, akumwa Loweruka lokha. Ndikapita kukacheza ndinkadzionera ndekha. Nthawi ikakwana fili koloko, anzawo atatu ankafika pakhonde kudzasewera makhadi: ometa tsitsi, dalaivala wa basi ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Aliyense ankabwera ndi chake m'chikwama. Ometa anali a mowa wa m'botolo, adalaivala a burande wosakaniza ndi chakumwa chotsekemera, aphunzitsi a jini ndi kachidutswa ka ndimu. Wisiki anali wa bambo okha. Botolo lake linkakhala m'kabati ya magalasi, ndipo ankalitcha botolo la mwini nyumba. Panalibe wolikhudza kupatula mayi. Iwo ndiwo ankathira, mulingo wa zala ziwiri m'tambula, n'kukapereka pathireyi. Ayisi sankaloledwa. Bambo ankati munthu woponya ayisi mu wisiki ndi amene amakonza wotchi ndi hamala.

Zimenezi zinkandipsetsa mtima. Pakhonde sindinkakhalapo. Ndinkapereka moni ndili chiimire pakhomo, kenako n'kukadzitsekera kuchipinda. Amene ndinkawakwiyira kwambiri anali mayi. Munthu yemwe anakwawa pansi pa tebulo zaka zonse zija, lero ndi amene akunyamula thireyi? Tsiku lina ndinawapeza pakabati botolo lili m'manja, ndipo ndinalephera kuugwira mtima.

“Mayi, mukuwathirira poizoni ndi manja anu omwe.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo inagwedera ngati anene kanthu, koma anangoti ndisunthe adutse, alendo akudikira.

Mayi anamwalira chaka chatha. Miyezi inayi pakhonde panali zii. Kenako Lachinayi lina bambo anandiimbira foni. Anati anzawo aja akufuna kubweranso Loweruka, koma iwo sadziwa n'komwe kumene kumakhala matambula. Kodi sindingabwere kudzawathandiza? Chibadwire changa anali asanandipemphepo kanthu, choncho ndinavomera.

Ndinafika masana, bambo ali m'bafa. Nditatsegula kabati ndinapeza botolo lija lilibe kanthu, lotsukidwa mbee, pepala lake litafwifwa ndi kugwiragwira. Pambali panali kafanulo kothirira m'botolo ndi kasefa. Ndinaseka chamumtima mowawidwa. Chinyengo chimenecho ndimachidziwa kuntchito: kugula mowa wotchipa n'kumauthira m'botolo la dzina. Ndinaganiza kuti mayi ankawapusitsa ndi zotchipa, ndipo kuti bambo anapukuta zotsala maliro atangotha. Ndinali nditatopa ndi kukwiya. Ndinati basi, munthu wamasiye uyu, ngati akumwa amwe chenicheni kamodzi. Ndinathamangira kusitolo n'kukasankha wisiki wa zaka khumi ndi ziwiri, amene ine ndimamulemekeza. Bafa linali poteropo, ndikanatha kugogoda n'kufunsa. Safunsa anadya phula.

Alendo anafika pa nthawi yawo. Anakhala m'mipando yawo yakale, anafunsana za mawondo ndi shuga, ometa n'kuyamba kugawa makhadi. Ine ndinagwira ntchito yanga monga ndimaidziwira. Ndinatsegulira ometa botolo lawo, ndinasakanizira adalaivala, ndinadulira aphunzitsi ndimu. Pomaliza ndinathira zala ziwiri za wisiki, wopanda ayisi, n'kuika tambula kumanja kwa bambo.

Fungo linafika tambula isanakhale pansi. Bambo anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena motsitsa kuti zikomo mwana wanga. Adalaivala anatsokomola. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera. Bambo anasiya makhadi awo chafufumimba patebulo n'kuzinga tambula ija ndi manja onse awiri.

Ometa anadzuka. Anati ndiwaperekeze kukhitchini akamwe madzi, chonsecho mowa wawo unali wosalawa. Titangolowa anakankha chitseko n'kundifunsa chimene ndathira m'tambulamo. Ndinatchula dzina ndi zaka zake monyadira. Anagwira pamutu.

“Iwe, bambo ako sanalawe mowa zaka khumi ndi zisanu. M'botolo muja munkakhala tiyi.”

Ometa analankhula mofulumira, monong'ona. Anati nditangochoka pakhomo bambo anadwala kwambiri, dokotala n'kuwauza kuti asankhe pakati pa botolo ndi moyo. Anasiya, koma manyazi anawagwira. Bambo ndi amene anaphunzitsa gulu lonse kumwa kwaulemu kwa Loweruka, ndipo ankaopa kuti akaulula anzawo adzayamba kuwamvera chisoni, kenako n'kusiya kubwera. Ndiye mayi anapeza nzeru ya tiyi. Anzawo anaitulukira mwezi woyamba womwewo. Bambo atapita kuchimbudzi, aphunzitsi anaponya ayisi m'tambula mwawo mwanthabwala, chakumwacho n'kuchita mbuu ngati madzi otsukira mbale. Anataya, anathira china kuchokera m'botolo lija, n'kupangana kutseka pakamwa. Mpaka lero bambo sankadziwa kuti anzawo akudziwa.

“Akangolawa kamodzi, tawataya,” anatero ometa. “Komanso ukakalanda tambulayo pamaso pathu, wawavula. Ndiwe wa pabala, ona chochita.”

Ndinasuzumira pawindo. Aphunzitsi anali atayamba nkhani ya mpira yopanda mutu, akulankhula ngati wailesi. Bambo sankamva. Anali atanyamula tambula kufika pachibwano, ndipo wisiki ankagwedezeka m'katimo. Kunjenjemera kumeneko ndinkakudziwa kuyambira ubwana.

Ndinaika ketulo pamoto n'kutuluka. Kuntchito, kasitomala akapatsidwa chakumwa cholakwika pamaso pa anzake, sitimuchititsa manyazi. Timanamizira tambula.

“Pepani bambo, tambulayo ili ndi mng'alu pamlomo. Ingakuchekeni. Ndikusinthireni.”

Ndinaigwira. Sanaisiye. Tinaigwira tonse awiri, zala zanga pamwamba pa zawo, ndipo ndinamva kuzizira kwa manja awo. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yotani, koma aphunzitsi anali atafika pa chigoli chachitatu. Kenako zala zinamasuka chimodzichimodzi.

Madzi sanachedwepo kuwira ngati tsiku limenelo. Ndinathira masamba a tiyi mongoyerekeza, ndinasefa, n'kumatsanulira m'makapu awiri uku ndi uku kuti azizire. Kenako ndinatenga kafanulo kaja n'kuthira m'botolo lakale. Kafanuloko kanali kothimbirira m'kati ndi utoto wa tiyi. Masana aja ndinakagwira m'manja koma sindinaone. Pamenepo ndi pamene mawu amene ndinanena kwa mayi anandibwerera, ndipo anandiwawa kuposa tsiku la maliro.

Ndinapereka tambula yatsopano pathireyi. Bambo anainyamula n'kuilozetsa kudzuwa, diso limodzi atatsinzina, monga amachitira ndi wotchi ya mwini wake. Anapukusa mutu.

“Wada kwambiri uyu,” anatero mokweza, aliyense akumva. “Mayi ako ankaika supuni imodzi yokha, n'kuwerenga mpaka makumi atatu, n'kusefa kawiri. Ankaphika Lachisanu kuti agone m'botolo.”

Palibe anadzutsa mutu. Adalaivala anapitiriza kusanja makhadi awo. Bambo anawayang'ana mmodzimmodzi, kudikira wina adabwe, koma panalibe wodabwa. Ndinaona pankhope pawo kuti azindikira.

“Ponyani khadi, a Mawotchi,” anatero ometa. “Tikudikira inu.”

Bambo anamwa tiyi wanga wofunda, anakwinya nkhope, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anaponya khadi, ndipo masewerawo anawaluza.

Alendo anapita dzuwa lisanalowe. Adalaivala ananyamula botolo langa latsopano m'chikwama osafunsa munthu, ndipo ndinawathokoza mumtima. Tinatsala awiri kukhitchini, ine ndikutsuka matambula, bambo akupukuta. Ndinawapepesa. Anati nawonso anapusa kundiitana osanditsina khutu, anangoganiza kuti ndikaona kasefa ndidziwa. Pambuyo pake ndinafunsa chimene chinkandidya. Chifukwa chiyani mayi sanandiuze, ngakhale tsiku lija ndinawanyoza pakabati?

Bambo anazunguza nsalu m'tambula.

“Ankafuna kukuuza. Tsiku limenelo analira. Ndinamuletsa ndine, chifukwa ndinkadziwa kuti mawu anga sungawakhulupirire, ndinali nditakunamiza kokwanira. Ndinati mwana wathu ndi wa pabala, mphuno yake siphonya. Tsiku lina adzakhala nafe pakhonde, adzanunkhiza yekha.” Anaika tambula m'kabati, pafupi ndi botolo lija. “Loweruka lililonse ukabwera, mayi ako ankatulutsa mpando wachisanu n'kuuika kumanja kwanga.”

Mpandowo ndinkauona ndithu. Ndinkayesa ndi woikapo thireyi.