Mpira Wogwera M'tsekera

Kalisto anali ndi mwendo umodzi wofota, ndiye mphamvu zake zonse zinathawira pakamwa. Mpira anauonera kumishoni komwe ankasoka nsapato, ndipo atabwerera kwawo ku Mphunzi anasoka wake ndi chikopa cha mbuzi, n'kutsendera masanza m'kati. Poti iye sakanatha kuthamanga, khumbo lonse analikhuthulira pa Vinsenti, mwana wa mlongo wake Elena.

Mpira wapansi mnyamatayo ankaumenya ndithu, koma mpira wodzera m'mwamba ankauopa ngati mavu. Ankatsinzina n'kuwerama.

"Iwe, suluma umenewo!" ankakalipa Kalisto. "Tulutsa chifuwa. Ukangokukhudza, bwerera m'mbuyo pang'ono kuti ugwere pamapazi pako. Usauthawe!"

"Umapweteka, amalume."

"Uzolowera."

Chilimwe chonse nyimbo inali yomweyo, mpaka nkhuku za pamudzi zinatopa nayo. Vinsenti osasintha.

Inali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, pomwe asilikali ankagwira amuna kuti akasenze katundu, ntchito yotchedwa tengatenga. Bambo a Vinsenti anatengedwa kale, osamvekanso. N'chifukwa chake Elena popita kudimba ankanena mawu amodzimodzi: "Achimwene, watsala ndi yekhayu. Mundisungire."

Tsiku lina akusewera, kunamveka mfuu yoti asilikali afika. Vinsenti ndi anyamata anzake anabalalika n'kukagona chafufumimba m'tsekera kuseri kwa bwalo. Kalisto anangokhala, poti wolumala akanamutengeranji? Mpira nawo unatsala pabwalo.

Asilikali anasuzumira m'nyumba ndi m'nkhokwe, osapeza munthu. Ali pafupi kunyamuka, mmodzi anaona mpirawo n'kuumenya ndi phazi pongophwetsa mkwiyo. Unakwera m'mwamba, kulunjika kutsekera kuja.

Kalisto anauma thupi. Mumtima anakuwa: werama mwana iwe, werama monga umachitira masiku onse!

Udzu unagwedezeka. Vinsenti anadzuka, maso ali tong'o, chifuwa patsogolo. Mpira unamukhudza, iye anabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo unatsetserekera pamapazi pake n'kukhala phee. Thupi linachita zimene linaphunzitsidwa mutu usanaganize. Aka kanali koyamba kuti akhoze.

Asilikali anaseka, n'kumumanga chingwe m'chiuno. Kalisto anagwada, kupempha kuti atenge iyeyo. Iwo anangoyang'ana mwendo wakewo n'kumukankhira kumbali.

Akutsetsereka naye kunjira, Vinsenti anacheuka. Nkhope inali ya mwana wodikira kuyamikiridwa.

"Amalume, mwaona? Sindinauthawe."

Kalisto, munthu wosasowa chonena, anadana ndi pakamwa pakepo. Anatsimphina kulowa m'tsekera, natola mpira, nakhala pansi pomwe udzu unali utagona. Ali pomwepo anamva mawu a Elena akuchokera kudimba, dengu la nyemba lili pamutu.

"Achimwene, mwasiya kusewera msanga lero. Mwana ali kuti?"