Dothi la Sabina

Sabina anafika kwa Nsamala chaka cha njala ya 1949, atawoloka Shire ndi kamtolo kumutu. Mwamuna wake ndi ana awiri anawasiya m'manda kuseri kwa mapiri a Machinga. Makolo ake anali Alomwe ochokera kwa Apwitikizi, ndipo Chinyanja chake chinkatsimphina. M'katchalitchi ka m'mbali mwa Rivirivi ankakhala kumbuyo kwenikweni, pakhomo, pomwe mbuzi zinkasuzumira.

Kuwerenga sankadziwa. Akati ayimbe nawo, atsikana ankatsinana. Akhristufe ndife anthu abwino ndithu, koma kumusunthira mlendo pamphasa timachita ngati akutizula dzino.

Loweruka lina Sabina anaona kuti pansi pa tchalitchi pakumbika, fumbi lokhalokha ndi matekenya. Anatsikira kudambo, nakumba dothi lakuda, nayamba kuzira kuchokera kuguwa, akubwerera chammbuyo ndi mawondo mpaka pakhomo. Dzanja lake linkasiya mizere yokhota, yoyalana ngati mamba a nsomba.

Mawa lake a Blasius, mphunzitsi wotsogolera mapemphero, anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Wazira muno ndani?"

"Ndine, aphunzitsi," anayankha Sabina ali chogwada.

"Mayi, manja awa anakupatsani ndi Mulungu. Bwerani mukhale kutsogolo kuno."

Zaka zisanu ndi chimodzi anazira Loweruka lililonse. Lamulungu ankaona mpingo wonse ukugwada pa mizere ya dzanja lake, mtima wake n'kukhala pansi. Anthu anasiya kumutchula Mnguru uja, anakhala a Sabina ozira.

Kenaka kunabwera simenti. Amuna anaiwaka masiku atatu, ndipo kunamveka kuti bambo wansembe adzabwera Lamulungu kudzadalitsa. Palibe anakumbuka kuuza Sabina kuti simenti sazira. Iye ataona pansi pali mbuu, pozizira, popanda mzere ngakhale umodzi, anamva chisoni kuti mlendo wamkulu adzapeza nyumba ya Mulungu ili maliseche. Loweruka madzulo, anthu atabalalika, anazira monse, mosamala kuposa kale.

Koma simenti siimwa madzi. Kunacha dothi likadali lonyowa. Oyamba kulowa anali a Clementina, mkulu wa amayi, atavala diresi loyera la ukwati wa mwana wawo. Anaterereka, nakhala pansi phwata!

"Mayo ine! Wachita zauve zimenezi ndani?" anakuwa a Clementina. "Simenti yathu yatsopano! Kodi kwanu kuja simenti munaiwonapo?"

"Iyayi, mayi," anatero Sabina. "Sindinaiwonepo."

Misa inachitikira panja, pansi pa mtengo wa mango. Sabina sanamve ngakhale liwu limodzi. Anali m'kati ndi chigoba cha nkhono ndi mtsuko wa madzi, akupala dothi lake lomwe, misozi ili chuchuchu. Chinkamuwawa sikutukwanidwako ayi. Chinkamuwawa n'chakuti popanda kuzira, iye mumpingo muno ndi ndani?

Anthu atapita, a Clementina analowa, diresi lili bii kumbuyo. Anaima kanthawi, kenaka anagwada, natenga chigoba china n'kuyamba kupala nawo.

"Ndinalankhula moipa, achemwali," anatero osadzutsa mutu. "Simentiyi imafuna kukolopa. Muzibwera Loweruka monga kale. Ntchito ndi yanu."

Loweruka lotsatira Sabina anabwera ndi chiguduli. Anayambira kuguwa, akubwerera chammbuyo ndi mawondo, dzanja likukhota monga linazolowera, ndipo mizere yamadzi inayalana bwinobwino pasimentipo. Atafika pakhomo anadzuka kuti aone ntchito yake. Kuguwa kunali kutauma kale. Anaima pomwepo, chiguduli chikudontha, akuyang'ana mizere yake ikuzimirira umodziumodzi kubwera kumapazi ake, mpaka pansi ponse panali mbuu, ngati simunalowe munthu.