Zitsulo za Ackson

Zelipa ankadana nawo mawilo awiri aja. Mwamuna wake Ackson anawatola kotaya zitsulo za mgodi n'kuwaloweka uku ndi uku kwa mpaipi, ndipo m'mawa uliwonse ankawanyamula kuseri kwa kanyumba kawo kukomboni ya mgodi ku Wusakile, ana a m'komboni ataunjikana ngati pali gule. Komatu akamaliza ankakhala pansi n'kutsokomola mpaka misozi.

Nkhondo itangotha, kunamveka kuti dokotala ayeza onse ogwira ntchito pansi mumgodi. Wopezeka ndi fumbi m'mapapo ntchito yatha, nyumba abweze, ulendo wakumudzi. Ackson, amene anayamba kuboola miyala mwana wawo Edna asanabadwe, anangodziguguda. "Mzungu akaona chifuwa ichi angandichotse bwanji?"

Kenaka kunatulukira Morton, mlongo wake wa Zelipa, kuchokera kunkhondo ku Burma. Iye anati zitsulo pazokha n'zoperewera. Kumeneko Mtchaina wina anamuphunzitsa kuima atapinda mawondo pang'ono, manja akuyenda mwakachetechete ngati akukankha chitseko cholemera, mpweya ukutsikira kumchombo.

"Alamu, nyamulani kaye, mukatero mupume chonchi. Awe, osathamanga! Panono panono."

Anthu anaseka, amvekere Ackson wayamba kuvina popanda ng'oma. Zelipa naye anaseka, koma sanachedwe kuleka. Mwamuna wake uja anayamba kupeza tulo, mapewa anatambalala, malaya a kutchalitchi anakana mabatani. Mtima wa munthu ndi wopusa, abale inu. Zelipa anakhulupirira kuti ntchito siitha, mpaka anafesa mpiru pakhomo ngati munthu wokhalitsa.

Tsiku loyeza, Ackson anadzola mafuta pachifuwa kuti chiwale. Patapita masiku anamuitana kuofesi, ndipo pobwera anafikira kukhala pawilo limodzi, chipewa chili m'manja.

"Bambo a Edna, akuti bwanji?"

"Thupi langali adokotala sanaliyang'ane n'komwe. Tsiku lija anangondiimika pachimakina chojambula m'kati, amvekere koka mpweya, gwira. Ndinaugwira, Zelipa, monga anandiphunzitsira alamu. Sindinagwedezeke ngakhale pang'ono. Lero kalaliki akuti ena amanjenjemera, zithunzi zawo n'kusokonekera, koma changa chatuluka bwino kuposa onse." Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Fumbi lonse laoneka."

Zelipa anafuna kutukwana Morton, Mtchaina uja, ngakhale mawilo amene. Zinamupweteka kwambiri kuti mwamunayo ankanena zimenezi monyadira pang'ono.

Ananyamuka mpiru usanafike pothyola. Palole yopita kwawo, anyamata awiri analephera kukweza bokosi lawo lachitsulo. Ackson anawakankhira pambali, anapinda mawondo, n'kuliponya pamwamba yekha.

Dalaivala anaimba mluzu. "Mwe bantu! Chimunthu champhamvu chonchi chikuthawa mgodi? Ulesi basi."

Ackson anakoka mpweya pang'onopang'ono kuti amuyankhe. Zelipa anauona ukutsika, ukutsika, mpaka unakakodwa penapake m'kati. Anamugwira pamsana mwamuna wakeyo ali chiweramire patayala, akutsokomola, dalaivala akudikira yankho.